Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: Mayi Akamasiya Kusamba, Muyang'aneninso Pakhosi

Olemekezeka a Nduna,

Ndine namwino wopuma pantchito. Ndagwirapo m'zipatala zing'onozing'ono za kumudzi ndi zina za paboma, ndiponso ndine mmodzi wa amayi amene zaka zobereka anazisiya kumbuyo. Ndalemba kalatayi poyera chifukwa nkhani yake amayife timaikamba monong'ona, ndipo zonong'ona sizifika ku Capital Hill. Pempho langa ndi lakuti chipatala chilichonse cha paboma chizitha kuyeza magazi a chithokomiro, mankhwala ake azipezeka pomwepo, ndipo mayi wa zaka zapakati pa 45 ndi 55 akabwera ndi madandaulo asamabwezedwe ndi mawu oti "ndi kukula kumeneko, mayi" asanamuyang'ane pakhosi.

Unduna wanu umamudziwa bwino mzimayi pamene akubereka. Akangoima, sikelo ikumudikira, neti alandira, mapiritsi owonjezera magazi alandira, katemera wa kafumbata abayidwa. Akachira, ayamba sikelo ya mwana, kenako mzere wa kulera. Ntchito imeneyi ndi yotamandika, ndipo ine ndinaigwira nawo monyadira. Kuyambira 2004, pamene ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'dziko muno, amayi ambirimbiri amene tikanawaika m'manda ali ndi zaka 35 lero akudyetsa zidzukulu. Koma ntchito yabwinoyi yatibweretsera khamu la amayi ofika zaka 50 amene pachipatala alibe khomo lawolawo. Kusikelo anamaliza, kwa ana sakwanako, kuchipinda cha kulera amawayang'ana modabwa. Amathera pamzere wa odwala wamba, pamene dokotala mmodzi amaona anthu osawerengeka dzuwa lisanafike paliwombo.

Ngakhale mwambo wathu unawasiya pomwepo. Mtsikana akatha msinkhu, anankungwi amamulangiza mpaka za mchere wa m'ndiwo. Akatenga pakati poyamba amamuchitira chisamba. Koma kusamba kukamatha palibe ng'oma, palibe chilangizo. Mayi amangodzionera yekha, n'kumafunsa mnzake pobwera kuchigayo ngati nayenso amadzuka usiku chitenje chili chonyowa.

Kusiya kusamba si matenda. Mazira amatha, mahomoni achikazi amatsika, ndipo pakadutsa miyezi 12 yotsatizana mayi asanaone magazi timati wasiya. Zaka zingapo izi zisanachitike, msambo umayamba kudumphadumpha, mwezi wina wochuluka, mwezi wina kadontho. Kutentha kumabwera mwadzidzidzi kuchokera pachifuwa kukwera kumaso, tulo timavuta, mtima umagunda popanda chochititsa mantha, munthu amapsa mtima ndi kanthu kakang'ono, amaiwala pamene waika makiyi. Zonsezi n'zoona, ndipo amayi ambiri odandaula zimenezi vuto lawo ndi lomweli basi. Chimene chandilembetsa kalatayi n'chakuti pali nthenda ina imene imabwera ndi zizindikiro zofanana kwambiri ndi zimenezi, pa msinkhu womwewu, ndipo imagwira akazi kuposa amuna kangapo konse: nthenda ya chithokomiro.

Chithokomiro chili kutsogolo kwa khosi, mmunsi mwa kholingo. Chimatenga ayodini wochokera m'zakudya n'kupanga mahomoni amene amalamula liwiro la thupi lonse: kugunda kwa mtima, kugaya chakudya, kutentha kwa thupi, ngakhale kuthamanga kwa maganizo. Ntchito yake ili ngati ya munthu wosonkhezera moto pamafuwa. Akachulutsa nkhuni mphika umasefukira n'kupserera, akachepetsa nyemba zimangokhala m'madzi osapsa. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopitirira muyeso, mayi amamva kutentha, amatuluka thukuta, mtima umathamanga, tulo sabwera, amakwiya msanga, msambo umachepa kapena kuleka. Ndani angamunene dokotala wotopa amene wamva zimenezi kwa mayi wa zaka 48 n'kunena kuti ndi kusiya kusamba? Chikafooka, mayi amatopa, amanenepa, amaiwalaiwala, amakhala wokhumudwa, tsitsi limathothoka, khungu limauma, msambo umachuluka kapena kusokonekera. Apanso yankho lapafupi ndi lomwe lija. Ndipo mayi mmodzi akhoza kukhala ndi zonse ziwiri nthawi imodzi, kusiya kusamba ndi nthenda ya chithokomiro, chimodzi chikubisa chinzake.

Nditapuma kale, mayi wina wogulitsa tomato pamsika anandibweretsera kabuku kake ka kuchipatala kuti ndimuwerengere. Kabukuko kanali katakwinyika ndi thukuta la m'chitenje. Tsamba loyamba: thupi kutentha, malungo sanapezeke, panado. Lotsatira: thukuta la usiku ndi kuwonda, makhololo ayezedwa, TB palibe. Lina: magazi ayezedwanso, kachilombo palibe. Lina: mtima kuthamanga, propranolol. Lina: kusowa tulo, amitriptyline. Pakona ya tsamba lililonse panali kulemera kwake, ndipo nambala inali kutsika tsamba ndi tsamba, chonsecho mayiyo ankadya nsima kuposa anyamata ake. Aliyense amene analemba m'kabukumo anachita zimene anaphunzitsidwa, ndipo matenda amene anawafufuza ndi oyeneradi kuyamba nawo kuno kwathu. Koma palibe anatsegula masamba akumbuyo n'kuwerenga nkhani yonse pamodzi. Kumsika anzake anali atagamula kale kuti ndi kachilombo ndipo akubisa. Bambo akunyumba anali atasamukira kuchipinda china.

Ndinamupempha amasule duku limene anakulunga m'khosi. Pansi pake panali mphini za kwa sing'anga, mizere iwiri, ndi chotupa chosakula kwenikweni chimene chinkakwera ndi kutsika akamameza madzi. Nditamuuza atambasule manja n'kuika pepala pamwamba pake, pepalalo linkanjenjemera. Zikhatho zinali zofunda ndi zonyowa. Mtima unkagunda kupitirira 120 pa mphindi, munthu atakhala phee pamkeka. Zonsezi sizinadye ndalama ngakhale tambala. Chimene chinadya ndalama ndi kuyezetsa magazi, chifukwa anachita kukongola kubanki m'khonde kuti apite mumzinda ku labotale yolipira. Atayamba kumwa carbimazole, miyezi ingapo thupi linabwerera, ndipo kutentha kumene kunatsala kunalidi kwa msinkhu wake.

Amene chithokomiro chawo chafooka savutitsa munthu, n'chifukwa chake amachedwa kwambiri kupezeka. Ameneyu ndi mayi wovala juzi mu Okutobala anzake akusaka mthunzi. Amadzimbidwa, mawu amasasa, nkhope imaoneka yotupikana m'mawa, amayankha mochedwa ngati akuganiza zina. Kumunda amatsalira mzere, apongozi n'kumati ndi ulesi. Ena amati wanenepa ndi ndalama za ana a ku Joni. Zikafika poipa amasokonezeka maganizo, ndipo a Nduna mukudziwa zimene zimachitikira mayi wachikulire woyankhula zosamveka m'midzi ina ya dziko lino, momwe dzina la ufiti silichedwa kumata. Chonsecho mankhwala ake ndi kapiritsi kamodzi patsiku.

Kusiyanitsa kusiya kusamba ndi nthenda ya chithokomiro pamaso n'kotheka pang'ono. Kutentha kwa kusiya kusamba kumabwera n'kupita, mphindi zochepa kwatha, pamene kwa chithokomiro kumakhala tsiku lonse. Kusiya kusamba sikuwondetsa munthu amene akudya bwino, sikutong'ola maso, ndiponso sikumvetsa munthu kuzizira nthawi yotentha. Koma chigamulo chenicheni chili m'magazi. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kamene kamatumiza homoni yotchedwa TSH kukalamula chithokomiro. Chithokomiro chikafooka TSH imakwera, chikapitirira muyeso TSH imatsika mpaka kutsala pang'ono kusowa. Kuyeza kumodzi kumeneku n'kokwanira kusonyeza kolowera, ndipo zotsatira zikakhala zachilendo m'pamene amawonjezera kuyeza homoni ya chithokomiro yotchedwa T4. Kwa ife kuno pali zinanso zosokoneza zimene mabuku a kunja sazitchula. Amayi ambiri amafika zaka za m'ma 40 ali pa jakisoni wa Depo, amene amaletsa kusamba, ndiye funso loti "munasamba liti komaliza" silithandiza kanthu. Enanso ali pa ma ARV a dolutegravir amene dziko lino linasinthira mu 2019, ndipo mankhwala amenewa kwa ena amanenepetsa ndi kusowetsa tulo. Zifukwa zokanira kuganizira chithokomiro zilipo zambiri, ndipo chilichonse chimamveka chanzeru.

Mwina alangizi anu akuuzani kuti nkhani ya chithokomiro tinathana nayo ndi mchere. Pali choonadi pamenepo. Lamulo lokakamiza kuthira ayodini mumchere linabwera mu 1995, ndipo kafukufuku wa michere ya m'thupi wa 2015 mpaka 2016 anasonyeza kuti Amalawi ambiri tsopano akupeza ayodini wokwanira. Ana asukulu otupa makosi amene tinkawaona m'maboma a kumapiri masiku ano ndi osowa. Koma tawerengani zaka. Mayi amene lero ali ndi zaka za m'ma 50 anali kale namwali, mwinanso ndi mwana kumbuyo, pamene lamuloli linkabwera. Anakula ndi mchere wopanda ayodini, ena ndi chinangwa chosavuwika mokwanira chimene chimalepheretsa chithokomiro kutenga ayodini wochepa amene analipo. Chithokomiro chimene chinakula movutikira chotero chimatupa, pakapita zaka chimachita timibulu, ndipo timibulu tina timayamba kupanga mahomoni patokha osamvera ubongo. Ayodini akachuluka m'chakudya, timibuluti timapeza zipangizo. Anzathu a ku Zimbabwe anaziona zimenezi: mu 1995 madokotala a ku Harare analengeza kuti odwala chithokomiro chopitirira muyeso anachuluka mchere wa ayodini utafalikira. Walira mvula walira matope. Mcherewo tisausiye ayi, chifukwa ndi umene ukuteteza ubongo wa ana m'mimba. Koma m'badwo umene unakula usanabwere ulipo, ndipo ndi womwewu ukusiya kusamba panopa. Kuwonjezera apo pali matenda ena a chithokomiro, monga a Graves ndi a Hashimoto, amene amayamba chifukwa chitetezo cha m'thupi chaukira chithokomiro, ndipo amenewa mchere suwaletsa.

Kuchedwa kuli ndi mtengo wake, ndipo amalipira ndi unduna wanu womwewo. Chithokomiro chopitirira muyeso chikakhalitsa chimasokoneza kagundidwe ka mtima, magazi amaundana mkati mwake, ndipo kachibulu kakathawira kuubongo mayi amafa ziwalo. Chimadyanso mafupa, pa msinkhu umene kutsika kwa mahomoni achikazi kwayamba kale kuwafooketsa, ndipo ngati mayiyo anakhalitsa pa Depo kapena akumwa tenofovir ndiye kuti mafupawo akudyedwa mbali zingapo. Chithokomiro chofooka chimakweza mafuta oipa m'magazi ndi kulemetsa mtima. Bedi limodzi la munthu wakufa ziwalo, ndi womudikirira amene wasiya munda, zimaposa kutali mtengo wa kuyeza TSH.

Ndikudziwa kuti mundiuza za ndalama, za kusowa kwa ndalama zakunja zogulira zipangizo za mu labotale, ndi za thandizo la dziko la America limene linadulidwa mu 2025. Sindikupempha nyumba yatsopano kapena galimoto. Njinga zamoto zimene zimatenga magazi a viral load ndi makhololo kuchokera m'zipatala zing'onozing'ono kupita paboma zikuyenda kale. Magazi oyeza TSH akasungidwa pozizira amakhala masiku angapo osawonongeka, choncho akhoza kukwera nawo m'bokosi lomwelo. Ngati si boma lililonse lingakhale ndi makina chaka chino, maboma oyandikana agawane amodzi, kapena magaziwo apite ku Mzuzu, ku Kamuzu Central, ku Zomba kapena ku Queens, zotsatira zibwere pafoni monga zimabwerera zina. Magazi ndi amene ayende, mayi akhale kwawo. Makiliniki a matenda okhalitsa, kumene a shuga ndi a BP amalandirira mankhwala, aliponso kale m'zipatala za paboma, ndipo ku Neno anasonyeza kuti wa HIV, wa khunyu, wa mphumu ndi wa shuga akhoza kuonedwa pakhomo limodzi. Wodwala chithokomiro alowe pamenepo, akhale ndi khadi lake ndi tsiku lake lobwerera.

Za mankhwala ndiye ndikupemphani mulankhule ndi a Central Medical Stores Trust. Levothyroxine ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la WHO, ndipo si wodula. Koma ambiri amamwa moyo wawo wonse, ndiye akamapezeka mwezi uno n'kusowa miyezi iwiri, mayi amabwerera pomwe anayambira. Aperekedwe a miyezi ingapo nthawi imodzi monga timachitira ndi ma ARV. Wopereka mankhwala pawindo auzidwe kunena kuti kapiritsiko kamwedwe m'mawa m'mimba mulibe kanthu, ndipo katalikirane ndi mapiritsi owonjezera magazi kapena a laimu wa mafupa ndi maola anayi. Ichi n'chofunika chifukwa mayi wotaya magazi ambiri posamba ndi yemweyo amapatsidwa mapiritsi a ayironi, n'kumamezera zonse pamodzi ndi tiyi. Mlingo ukasinthidwa, magazi ayezedwenso pakatha masabata 6 mpaka 8. Wa carbimazole auzidwe momveka, ndipo zilembedwe m'kabuku mwake, kuti akamva zilonda kukhosi ndi kutentha thupi asiye kumwa n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mwa apo ndi apo mankhwalawa amagwetsa asilikali a m'magazi. Chenjezo limeneli likapanda kuperekedwa, kutentha thupi kuja tidzakutcha malungo.

Chotsika mtengo kuposa zonse ndi maphunziro. Ku KUHeS, ku Malawi College of Health Sciences ndi m'makoleji a CHAM, wophunzira asatuluke asanazolowere kuima kumbuyo kwa wodwala, kuika zala pakhosi ndi kumuuza ameze. Amene ali kale pantchito alandire katsamba kamodzi kopachika pakhoma: mayi wopitirira zaka 40 amene malungo sanapezeke, akuwonda kapena kunenepa mosadziwika bwino, mtima ukugunda kupitirira 100 kapena mochedwa kwambiri, yang'anani khosi, maso ndi manja. Alangizi a zaumoyo m'midzi amadziwa nyumba iliyonse imene muli mayi wokulunga duku m'khosi. Angofunika kuuzidwa komutumiza, ndi kudziwa kuti chotupa cholimba, chokula msanga kapena chosasitsa mawu sichidikira mwezi wamawa.

Musandimve ngati ndikuti mayi aliyense wofika zaka 45 ayezedwe. Kumeneko n'kumwaza ndalama, ndipo kungatipezetse amayi ambiri amene TSH yawo yangokwera pang'ono, n'kuwayambitsa mankhwala osafunika. Woteroyo amangofunika kuyezedwanso pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Levothyroxine si mankhwala ochepetsa thupi kapena ochotsa kutopa, ndipo akachuluka amawononga mtima ndi mafupa omwe tikufuna kuteteza. Apa a bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA atsegule maso. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mwadzaza ogulitsa timabotolo "tokonza mahomoni", tina tokhala ndi ayodini wambiri, ndipo makasitomala awo ndi amayi omwewa amene chipatala chinawauza kuti palibe chimene chapezeka. Mayi wa timibulu m'chithokomiro akamwa zoterozo amathira mafuta pamoto. Malonda amenewa akuyenda chifukwa wogulitsayo amamvetsera dandaulo mpaka kumapeto, chinthu chimene pamzere wa kuchipatala chimasowa.

Nanga amene magazi awo apezeka ali bwino, amene ndi ochuluka? Asangouzidwa kuti mulibe matenda, pitani. Auzidwe chimene chikuchitika m'thupi mwawo, kuti chitenga zaka zingapo koma chidzatha. Auzidwe kuti pakati pangathe kubwerabe, ndipo kulera kusiyidwe pakatha chaka chathunthu osasamba ngati apitirira zaka 50, kapena zaka ziwiri ngati sanafike. Auzidwe kuti kuuma kwa njira ya amayi kumene kumapweteketsa pokhala malo amodzi ndi bambo kuli ndi mankhwala opaka, chifukwa maukwati ena akutha ndi nkhani imeneyi anthu akunamizira zina. Amene kutentha kwawalanda tulo ndi ntchito adziwe kuti kuli mankhwala obwezeretsa mahomoni, ngakhale sayenera aliyense, makamaka amene anadwalapo khansa ya m'mawere kapena kuundana kwa magazi, ndipo amene ali pa levothyroxine akayamba kumwa mapiritsi amenewa mlingo wa levothyroxine umafunika kuunikanso. Koposa zonse, mayi aliyense amve kuti magazi obwera atasiya kale kusamba si msambo wobwerera. Khansa ya khomo la chiberekero ndi imene ikupha amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse m'dziko muno, ndipo ambiri amafika mochedwa chifukwa ankaganiza kuti utsikana wabwerera. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika, a m'magulu a Chikatolika ndi a Chisilamu amakumana sabata ndi sabata. Namwino mmodzi atapatsidwa mphindi makumi awiri pamisonkhano imeneyi angafikire amayi ambiri kuposa zikwangwani zonse za mumsewu.

Pa 25 Meyi dziko lapansi limakumbukira za chithokomiro, ndipo pa 18 Okutobala za kusiya kusamba. Sindikupempha perete kapena matisheti. Pofika limodzi mwa masiku amenewa, unduna wanu utulutse pawailesi ndi m'nyuzipepala, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zinenero zina, mndandanda wa zipatala za boma ndi za CHAM zimene zikuyeza TSH, masiku amene magazi amatengedwa, ndi kumene levothyroxine ndi carbimazole akupezeka. Mndandandawo ukakhala waufupi, utulutsenibe momwemo, kuti aphungu a komiti ya zaumoyo auone pokambirana bajeti, ndiponso kuti mayi wa ku Chitipa kapena ku Nsanje adziwe kokwerera basi asanagulitse mbuzi yake.

Ine wanu mwaulemu,

Namwino wopuma pantchito